A Ngozo a Kanema

Agogo a Wilisoni Ngozo anatisiya m'nyengo yachisanu yapitayi, anthu atangomaliza kukumba kachewere. Anali alongo awo a agogo anga aakazi, aNangozo, ndipo m'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa Lizulu, aliyense ankawatchula kuti a Ngozo a Kanema. Achibale andipempha kuti ndilembe za iwo. Zambiri zimene zili pano sindinazione ndi maso anga, ndinazimva kwa agogo aakazi ndi kwa achikulire ena. Pamene ndaphonya, akuluakulu andikhululukire, andikonze.

Atadziwa kuti matenda awagonjetsa, anaitana mlongo wawo. Sananene za munda kapena za mbuzi. Anati bokosi lawo lisadzatsekedwe mpaka aNambewe atabwera kudzaona nkhope.

"Achimwene," anatero agogo aakazi, "mukufuna tidzakuikeni mutayamba fungo? Mayi aja anasiya kukupatsani moni ine ndili ndi mano onse m'kamwa."

"Mudzadikire basi, achemwali."

ANambewe ndi mayi wokalamba amene nyumba yawo ili kutsidya kwa kakhwawa, moonana ndi ya a Ngozo. Mwana wawo wamwamuna, Fanuelo, anafera ku nkhondo ya ku Mozambique ali msilikali wa dziko lino. Amene anamukopa kuti alowe usilikali, pamaso pa mudzi wonse, anali a Ngozo. Nkhani imeneyi sinabisikepo kwathu. Kungoti anthu anatopa nayo, n'kuyamba kuilambalala ngati chitsa cha m'munda.

A Ngozo ine ndinawadziwa ali kale nkhalamba yosakonda kuyankhula. Mawu anali nawo, aakulu ndi ozama, oti akatsokomola kumunda anthu a kudimba ankadziwa kuti ndi iwo. Koma ankawaumira. Pamene mpingo wathu unagula chimkuzamawu, akulu ampingo anawapempha kuti azilengeza zapamlungu ndi zamaliro. Anakana. Mkulu wina anawatsatira mpaka pakhomo.

"A Ngozo, mphatso ya Mulungu saikwirira."

"Ndinaigwiritsa kale ntchito, a mkulu wampingo. Kafunseni kumanda."

Anakangana nawo kwa nthawi ndithu, mpaka anawachotsa m'gulu la amuna oyimba, koma iwo sanasunthike. Lamulungu ankakhala benchi ya kumbuyo, nyimbo n'kumangoitsatira ndi milomo.

Wailesi yokha ndiyo inkawatsegula pakamwa. Ankaiika pamiyendo, ndipo nkhani zikafika pa nkhondo za m'maiko akutali, pamene mtsogoleri wina akufotokozera anthu ake chifukwa chimene anyamata ayenera kupitira kukamenya kwa eni, iwo ankamalizitsa mawu wowerenga nkhaniyo asanafikepo. Nthawi zambiri sankaphonya. Ana ena ankati ndi ufiti. Tikawafunsa mmene amadziwira, ankati pepala lake ndi lomwe lija, angosintha dzina la dziko. Ankati boma likafuna ana a anthu silinena kuti tikufuna ana anu. Limayamba ndi kukuuza kuti mdani ali pakhomo pako, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja yamchere, ndi kuti ukapanda kupita mafuta ndi mchere zisowa. Ukakayikabe, amakuonetsa mayi wina akumwetulira. Anyamata akawaonetsa pafoni asilikali a maiko ena akuguba, iwo sankayang'ana mfuti. Ankayang'ana nsapato. Zikakhala zowala, ankabweza foniyo n'kunena kuti wojambulayo anaima kumene kulibe zipolopolo.

Ntchito ya kanema anaiphunzirira ku Joni. Anapita kumigodi ali mnyamata, monga anachitira bambo awo, koma chifuwa chinawavuta, ndiye anawaika kosesa holo imene ogwira ntchito ankaoneramo kanema. Kumeneko anaphunzira kulowetsa filimu m'makina ndi kuilumikiza ikaduka. Popeza mafilimuwo anali a Chingerezi, anayamba kumaima pambali n'kumawafotokozera anzawo ochokera kuno m'Chichewa, zina zoona, zina zongopeka, anthu n'kumagubuduka ndi phwete. Atabwerera kumudzi, boma linawalemba ntchito pa galimoto yake ya kanema. Inali ndi zimkuzamawu padenga, jenereta kumbuyo, ndi dalaivala. Ankazungulira Kandeu, Tsangano, Lizulu ndi midzi yapakati, kuonetsa za kalimidwe, za zimbudzi, ndi maulendo a atsogoleri. Dzuwa likangolowa ankaloza makina pa khoma la sukulu, iwo n'kuima ndi tayi wawo, cholankhulira m'manja.

Achikulire amati sipanakhalepo wofanana nawo. Ankadziwa anthu maina m'midzi yonse. Pakati pa filimu ankatha kufuula kuti, "A Ngondo a ku Tsangano, khalani pansi, chipewa chanu chalowa m'boma!" Bwalo lonse n'kuseka. Agogo aakazi amati achimwene awo sankamwa mowa, koma kuseka kwa anthu kunkawaledzeretsa.

Zaka za posachedwapa msuweni wanga Chikondi ananena kuti akufuna kukayesa usilikali. Anali atamva kuti amene amatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere amabwera n'kumanga nyumba zamalata. Tonse tinkayembekeza kuti agogo a Ngozo amuletsa. Sanamuletse. Anamuuza kuti ngati ikumutuma ndi njala apite, njala ndi bwana woona, koma ngati ikumutuma ndi nyimbo ya pawailesi akhale pansi aganize. Kenako anavala jekete.

"Tiye pa Lizulu akakujambule. Chithunzi chitsale ndi amako."

"Agogo, zithunzi zanga zadzaza mufonimu."

"Foni imagwera m'madzi. Tiye."

Chikondi ananyinyirika njira yonse, akuti mukundilosera imfa, ndipo sanayankhulane nawo mpaka mwezi unatha. Usilikaliwo sanamutenge n'komwe, anati ndi wamfupi. Koma chithunzicho chilipobe kwa azakhali.

Nkhondo ija ya ku Mozambique anthu a kuno sanachite kuuzidwa. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo masitolo a tsidya lina la msewu anapsa anthu akuona. Othawa nkhondo anadzaza m'mphepete mwa minda yathu, ena opanda makutu. Choncho pamene zinamveka kuti boma latumiza asilikali athu kukalondera njanji yodutsa m'dzikomo kupita kunyanja yamchere, anthu ananong'onezana kuti ana athu akukatani ku nkhondo ya eni. Mokweza sakanatha kunena, inali nthawi ya chipani chimodzi. Koma boma linamva kunong'onako, ndipo linatumiza filimu.

Filimuyo inabwera ndi mawu ake olembedwa kale oti a Ngozo aziwerenga. Mawuwo ankati imeneyi si nkhondo, ndi ulonda chabe, ngati wa pasitolo. Ankati mchere, palafini ndi feteleza zimadzera pa njanji imeneyo, ndiye woilondera akulondera munda wa amake. A Ngozo ankawerenga bwino, ndipo ankathirako ndi zawo. Tsiku limene anaonetsa pa sukulu ya kwathu, anayang'ana mbali ya anyamata n'kuona Fanuelo, amene nthawi imeneyo ankanyamula matumba pamsika.

"Fanuelo, mwana wa aNambewe! Msinkhu wonsewo uthere pansi pa thumba la kachewere? Taona nsapato za anzako!"

Anthu anaseka. Fanuelo nayenso anaseka. Atabwera olemba asilikali, iye anali m'gulu la oyamba kukaima pamzere.

Ndinafunsapo agogo aakazi ngati achimwene awo ankakhulupirira zimene ankawerengazo. Anandiyankha kuti munthu amene akulipidwa kuti ayankhule safunsa mtima wake kawirikawiri.

Fanuelo anabwera pa lole ya asilikali, m'bokosi lokhomedwa kale misomali. Amene anamuperekeza anati lamulo ndi lakuti lisatsegulidwe, ndiponso pasapezeke wonena kumene wafera. Kwathu kuno munthu saikidwa abale asanaone nkhope. Ngakhale wofera kumigodi, ngati mtembo wafika, amatsegula ndithu, amake n'kudutsa pomaliza. ANambewe anagwada pamaso pa wamkulu wa asilikaliwo, anamugwira miyendo, iye anangoyang'ana kumbali. Akuti anakanda bokosilo mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Ndipo pamene inafika nthawi yonena mbiri ya malemu, akuluakulu a chipani anapereka kapepala kwa munthu wa mawu abwino kuposa onse. A Ngozo anaimirira n'kuuza anthu kuti Fanuelo wamwalira atadwala kwa nthawi yochepa.

Patapita miyezi kunabwera filimu ina, yoonetsa asilikali athu ali kunjanji kuja. A Ngozo anayamba kuionetsa ku Kandeu, ndipo ali mkati mowerenga anaona nkhope imene ankaidziwa. Anapempha bwana wawo kuti mudzi wathu audumphe. Bwanayo anati ndondomeko inachokera kumwamba, palibe mudzi wodumphidwa.

Anthu anasonkhana pa sukulu monga mwa masiku onse, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana kutsogolo. Pakhoma panaoneka sitima, kenako asilikali atakhala pamwamba pa bogi, akubayibitsa. Wina anali ndi kapu m'manja, akuseka. A Ngozo anawerenga zimene zinalembedwa: onani ana anu, ali bwino, akunenepa, akukupatsani moni.

"Fanuelo!"

Mawuwo anachokera mbali ya amayi. Chithunzicho chinali chitadutsa kale, pakhoma pali mlatho. ANambewe anadzuka n'kudutsa pakati pa anthu, mthunzi wawo n'kuphimba khoma, mpaka anafika pagalimoto.

"A Ngozo, bwezani. Bwezani ndimuone mwana wanga."

"Mayi, kakhaleni pansi," anatero wapampando wa chipani. "Mukusokoneza za boma."

A Ngozo anazimitsa makina, anabweza filimuyo, n'kuyatsanso. Fanuelo anatulukira, anakweza kapu, n'kupita. Zinali zachangu ngati kuphethira.

"Akuthamanga. Muimitseni. Ine sindinamuone nkhope, a Ngozo, inu mukudziwa. Muimitseni pomwepo."

Makina amenewo ali ndi getsi lotentha kwambiri mkati. Filimu imapulumuka chifukwa choti ikuyenda, ikaima pamaso pa getsilo imapsa. A Ngozo ankadziwa zimenezi kuyambira ku Joni. Dalaivala nayenso ankadziwa, ndipo anawagwira mkono.

"Ngozo, ipsa imeneyo. Tonse tikagona kupolisi."

A Ngozo anabwezanso, ndipo Fanuelo atangotulukira anaigwira filimuyo kuti isayende. Nkhope inaima pakhoma, yaikulu ngati chitseko, ikuseka. Pabwalo panangomveka jenereta. Mayi wina anayamba kulira maliro, ena n'kulandira. ANambewe anayamba kuyenda kupita kukhomako, dzanja lili m'mwamba. Anali asanafike pamene pa tsaya la Fanuelo panaoneka kadontho kofiirira. Kanakula, kanachita thovu, nkhope inang'ambika pakati n'kupindikira m'mbali, pakhoma n'kutsala kuwala koyera kokhakokha. Fungo la kupsa linafika mpaka kwa ana akutsogolo.

ANambewe anafika n'kuika dzanja pa njerwa. Anaima choncho nthawi yaitali. Potembenuka sanakuwe.

"Munamutenga ndi pakamwa panu. Lero mwamuwotcha ndi dzanja lanu."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene a Ngozo anamva kuchokera kwa mayiwo ali moyo.

Mmawa mwake apolisi anabwera kudzatenga a Ngozo. Mlandu unali wowononga katundu wa boma ndi kusandutsa kanema kukhala maliro. Anachoka anthu akusosa, anabwerera chimanga chili m'nkhokwe, ataonda, ntchito itatha. Za kumene anali sananenepo, ndipo ife tinaphunzira kusafunsa. Anatenga khasu n'kuyamba kulima kachewere ngati wina aliyense.

Chimene chinkawadya n'chakuti aNambewe analibe chithunzi china chilichonse cha mwana wawo. Chokhacho chimene Fanuelo anajambulitsapo chinali cha pa chiphaso cha usilikali, ndipo sichinabwere ndi bokosi. Ulamuliro utasintha, a Ngozo anagulitsa mbuzi n'kupita kutauni kukafunsa ngati filimu ija inali ndi inzake. Anawazunguza m'maofesi, uku akuti pitani uko. Pomaliza mnyamata wina anawatsegulira chipinda chodontha, mmene mafilimu akale anaunjikidwa, atamatana ndi dzimbiri. Anawafunsa kuti, "Madala, nkhondo yake iti? Ife tinamenyapo nkhondo ku Mozambique?" Anabwerako chimanjamanja.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse akakumba kachewere, thumba loyamba ankalisenza okha, kuwoloka kakhwawa, n'kukalitula pakhomo pa aNambewe. Sankaodira. Dzuwa lisanapendeke thumbalo linkabwerera pa njinga, wokankha ali mwana kapena mdzukulu wa mayiwo, chingwe chake chisanamasulidwe. Zinafika poti anthu ankaseka kuti thumba la a Ngozo labwerera, ndiye kuti chisanu chafika pakati. Msana utayamba kuwavuta ankalikoka pa wilibala. Agogo aakazi ankakwiya nazo chaka ndi chaka.

"Achimwene, mudzichititsa manyazi mpaka liti? Anapha mwana uja ndinu? Anakhoma bokosi ndinu? Mayi aja akalimbane ndi boma."

Iwo ankayankha kuti boma lilibe khomo loti munthu n'kukabwezapo thumba, koma iwo khomo ali nalo. Agogo aakazi ankati amenewo ndi mawu a munthu wouma mutu, n'kutenga kachewereyo kukaphikira ana.

Tsiku la maliro awo kunali mphepo yozizira yochokera kumapiri. Mwambo wa panyumba unatha bwino, anthu anaona nkhope, amuna kenako amayi. Adzukulu anabwera kuchokera kumanda kudzanena kuti kwakonzeka. Koma agogo aakazi anakhala pambali pa bokosi, dzanja lili pa chivundikiro, osalola kuti atseke. Anali atatuma kale mwana kutsidya. Mwanayo anabwera ndi yankho lakuti aNambewe akuti miyendo ikuwawawa.

Dzuwa linafika pamutu, n'kuyamba kupendeka. Anthu ochokera ku Kandeu anayamba kufunsana za mayendedwe. Mkulu wa adzukulu analowa pa siwa, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ife tinayamba kukumba tambala atangolira. Dzenje silidikira munthu woti anakana kale."

"Ndamva, bambo. Tayimbaniponi ina," anatero agogo kwa amayi a chigwirizano.

Mkulu wampingo uja nayenso anabwera, akuti malemu anali ovuta ali moyo, asativutenso atagona. Ndikukhulupirira kuti agogo aakazi anatsala pang'ono kugonja. Pamenepo anthu a panja anayamba kupatuka.

ANambewe analowa ndi ndodo, mdzukulu wawo atawagwira mkono. Sanapereke moni kwa aliyense. Anafika pabokosi n'kuwerama kwambiri, pakuti maso awo saonanso bwino, mpaka mpango wawo unatsala pang'ono kukhudza chipumi cha malemu. Anayang'ana. Nyimbo inatha, amayi anayang'anana n'kuiyambanso. Iwo ali chiweramire, kuyambira kutsitsi, m'maso, mpaka pakamwa, ngati munthu amene akufuna kuti asadzaiwale kanthu. Palibe amene anawafulumiza, ngakhale adzukulu.

Kenako anadzuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana agogo aakazi.

"Awa ndawaona, aNangozo. Wanga uja sindinamuone. Tsekani."

Kumanda sanapite. Anatuluka n'kubwerera kwawo. Ena amati kubwera kuja kunali kukhululuka, ena amati kunali kudzamaliza mlandu. Ine sindikudziwa, ndipo sindinalimbe mtima kukawafunsa.

Nyumba ya a Ngozo ili chitsekere kuyambira tsiku la kusesa. Zovala anagawana achibale, chitseko anamanga ndi waya. Udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kumvuma, ndipo mvula ikubwerayi sindikhulupirira kuti chipupa cha kumeneko chipirira. Pakhonde pamagona mbuzi za eni. Pabwalo palibe wosesa, masamba a pichesi angounjikana m'mbali mwa nkhokwe yopanda kanthu.

Njira yachidule yochokera kutsidya kupita ku mjigo imadutsa pabwalo pomwepo. Achikulire akuti zaka zonsezi aNambewe ankazungulira kumabulugamu, ngakhale mvula ikugwa, ngakhale miyendo itayamba kuwakana. Masiku ano amadutsa pomwepo ndi kachigubu kawo. Sayang'ana chitseko. Akafika pakati pa bwalo amaima pang'ono kupumira pa ndodo, mbuzi n'kumawayang'ana, kenako amapitirira.